Kwawo kwa Apapa aja a pa chitenje cha amayi

Amayi anga ali ndi chitenje china chake chomwe savala, sachapa, ndipo ukangochigwira ndi manja a mafuta dziwa kuti tsiku limenelo m'nyumba mulibe mtendere. Chimakhala pansi penipeni pa sutikesi, limodzi ndi makadi athu a ubatizo komanso chithunzi cha malemu bambo atavala jekete yobwereka. Ndi cha 1989, chaka chomwe Papa Yohane Paulo Wachiwiri anabwera ku Malawi m'mwezi wa May, nkhope yawo ili pakati mpakati, yayamba kufwifwa ndi zaka koma ikuonekabe. Ine nthawiyo ndinali ndisanabadwe koma nkhani ya tsikulo ndaimva kosawerengeka, mmene ananyamukira usiku pa lole ya parishi akuimba njira yonse, mmene anaimira padzuwa ku Blantyre mpaka miyendo kutupa, ndi mmene Apapa anadutsira chapatali uko, kadontho koyera basi pakati pa chinamtindi cha anthu, koma amayi mpaka lero amanenetsa kuti Apapa anacheuka n'kuyang'ana iwowo. Ife ana tinasiya kalekale kutsutsa.

Nde mutha kuona nokha zomwe zinachitika nditawauza pa foni kuti mnzanga wina amene ndimagwira naye ntchito yosamalira okalamba kuno ku England kwawo ndi ku Poland, kamudzi kena kufupi ndi tawuni ya Wadowice, ndipo akuti tipitire limodzi pa holide ndikaone kwawo. Dzina la Wadowice amayi silinawagwire mtima ayi. Koma nditati "ndi komwe anabadwira Apapa aja a pa chitenje chanu" kunangoti zii, ine kumaganiza kuti bandulo yawathera, kenako ndinangomva nthungululu mpaka ndinachotsa foni kukhutu. Pompo anayamba kundituma, kolona, madzi odalitsa, ndi dothi pang'ono la kumeneko olo lodzadza kabotolo ka mankhwala. Ndinati amayi kolona ndi madzi ndamva, koma dothi ayi, mukufuna akandigwire pa eyapoti ndizikafotokoza kuti dothi la dziko la eni ake ndikukatani nalo? Anangoti "iwe udziwa chochita" n'kudula foni.

Za viza sindikamba zambiri, amene muli ndi pasipoti ngati yangayi mukudziwa kale, mapepala mbwee, kalata ya ku ntchito, ya ku banki, inshuwalansi, zithunzi zosamwetulira, pamene mnzangayo amangonyamula chikwama n'kukwera ndege ngati akupita ku Limbe. Bola inatuluka. Tinatera ku Kraków kumapeto kwa October, ndipo chinthu choyamba kuphunzira chinali choti zilembo za anthu amenewa zimanama kkkk. W amamutchula ngati V, nde Wadowice ndi "Vadovitse", Kraków ndi "Krakuf", ndipo ka L kokhala ndi kamzere aka ł amakatchula ngati W wathuyu, kutanthauza kuti dzina la Apapa loti Karol Wojtyła limamveka "Voitiwa". Ife ku kalasi ya katekisimu tinkangoti Wojitila, aphunzitsi athu omwe. Kuchoka ku Kraków kukafika ku Wadowice ndi makilomita pafupifupi 50 ndipo tinakwera minibasi, inde nawonso ali nazo, koma yopanda kondakitala, yopanda oitanira, nthawi itangokwana dalaivala analiza n'kunyamuka mipando ina ili yopanda anthu, ine mtima kumandiwawira mafuta ake.

Wadowice ndi katawuni kakang'ono abale, anthu sakwana n'komwe 20,000, Dedza boma ili ndi anthu ambiri kuposa pamenepa. Kali m'mbali mwa mtsinje wa Skawa, chakummwera kukuoneka mapiri a Beskid, osatalika kwenikweni koma a nkhalango thithithi. Ndi kakalekale, dzina lake linayamba kupezeka m'mabuku m'zaka za m'ma 1300. Chomwe ine sindinkadziwa n'choti dziko la Poland linafufutidwapo pa mapu kwa zaka 123, kuyambira 1795 mpaka 1918, mayiko atatu oyandikana nalo, Russia, Prussia ndi Austria, atagawana ngati nyama ya pa maliro. Chigawo cha Wadowice chinagwera Austria, moti bambo a Apapa anayamba usilikali wawo mu gulu lankhondo la mfumu ya Austria kenako n'kudzapitiriza mu la Poland dziko litabwerera mwakale. Karol anabadwa pa 18 May 1920, dziko lake lili khanda la chaka chimodzi ndi theka.

Pakati pa tawuniyi pali bwalo lalikulu, nyumba zazungulira mbali zonse, tchalitchi chili kumapeto kwake. Mnzanga sanandiuze kanthu, anangoti "yang'ana pansi". Kuyang'ana pansi ndikuona kuti pakati pa miyala yowaka bwaloli pali ina yolembedwa mayina a malo ndi zaka, ndi mayiko onse omwe Apapa anapitako, ndipo munthu uja anayenda, maulendo 104 a kunja kwa Italy, mayiko 129. Nde tangoganizani mkazi wamkulu ine, chikhoti mpaka m'mawondo, ndikuyenda chowerama bwalo lonse ngati ndataya ndalama. Mayina ena sindinkawazindikira n'komwe chifukwa alembedwa mu chilankhulo chawo, Germany amati Niemcy, kaya zinachokera kuti. Koma lathuli sanalisinthe. Nditaliona, Malawi, pa mwala wozizira pakati pa katawuni ka ku Ulaya komwe munthu wakuda tsiku lonselo ndinali ine ndekha, ndinangogwada n'kuyamba kupukuta ndi tishu, panali matope a nsapato za anthu. Agogo ena aamuna omwe anakhala pa benchi anandiyang'anitsitsa, kenako anafunsa mnzanga kuti mayiwa akudwala? Atawafotokozera anadzuka, anavula chipewa n'kundipatsa moni wa pamanja. Mawu omwe ndinkadziwa anali awiri okha, dzień dobry ndi dziękuję, moni ndi zikomo, nde ndinawapatsa onse awiri kamodzi.

Tchalitchicho ndi chomwe Karol anabatizidwira pa 20 June 1920, ndipo beseni la mwala lomwe anamubatizirapo lilipobe, anthu amaligwira n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Atabwera kwawo koyamba ali Papa mu June 1979 anagwada pomwepo n'kulipsompsona. Mkati ndi mokongola, golide waliwali, koma kunena zoona matchalitchi a ku Ulaya ukaona atatu wawaona onse. Chomwe chinandigwira ine chili kunja, pa khoma la m'mbali loyang'ana kakhwalala kopapatiza kotchedwa Kościelna. Pali wotchi ya dzuwa, ija yopanda batire yomwe imauza nthawi ndi chithunzithunzi cha kachitsulo, ndipo pamwamba pake analembapo kuti Czas ucieka, wieczność czeka, mnzanga anandimasulira kuti nthawi ikuthawa, muyaya ukudikira. Tsidya la kakhwalalako, masitepe ochepa chabe, pali nyumba nambala 7, ndipo mazenera a chipinda cham'mwamba ayang'anizana ndi wotchiyo. Ndi momwe ankakhala. Mwana kumadzuka m'mawa uliwonse, kusuzumira pazenera n'kumawerenga mawu amenewa, nanga akanakula n'kukhala dalaivala wa minibasi?

Nyumbayo pano ndi myuziyamu, anaikonzanso yonse n'kuitsegula mu 2014, chaka chomwe Papa Francis anawalengeza kukhala oyera. Apa mpamene ndikufuna kuchedwapo chifukwa mpamene china chake chinatembenuka mwa ine. Kukula konse ine ndinkaganiza kuti munthu wofika pa u Papa amachokera ku banja la mwanaalirenji, kunyumba kwa mpanda ndi antchito. Ayi ndithu. Anali pa lendi. Nyumba yonseyo inali ya banja la Chiyuda la a Bałamuth omwe anali ndi sitolo pansi, ndipo banja la a Wojtyła linkachita lendi zipinda ziwiri ndi khitchini m'mwamba, zolowerana, kutuluka mu khitchini walowa kuchipinda, kutuluka kuchipinda walowa pabalaza. Amene munakhalako pa lendi ku Ndirande kapena ku Kawale kamangidwe kameneka mukukadziwa. Mipando yambiri yomwe ilimo si yawo yeniyeni, ndi ya nthawi imeneyo chabe, zawo zenizeni zinatsala zochepa kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chosavuta, panalibe wotsala woti azisunge.

Tamvani mmene maliro anayendera m'nyumba imeneyi. Mlongo wake Olga anamwalira atangobadwa, Karol asanabadwe n'komwe. Mayi ake a Emilia anamwalira mu April 1929, iye atatsala mwezi umodzi kuti akwanitse zaka 9. Mkulu wake Edmund, yemwe anali dokotala ndipo banja lonse linkayang'ana kwa iye, anatenga matenda a scarlet fever kwa wodwala yemwe ankamuthandiza ku chipatala cha ku Bielsko n'kumwalira mu December 1932 ali ndi zaka 26 zokha. Anatsala awiri, bambo ndi mwana, m'zipinda zomwe zija. Bambowo anali atapuma usilikali, ndiwo ankachapa, kusesa, ndipo akuti ankang'amba mayunifomu awo akale n'kumusokera mwanayo zovala. Mu 1938 anasamukira limodzi ku Kraków kuti mnyamata akayambe yunivesite, nkhondo n'kuyamba chaka chotsatira, ndipo mu February 1941 bambo aja nawo anatsikira kuli chete. Zaka 20, banja lonse psiti. Ine ndili chiimire mu khitchini muja ndinadzigwira ndikulankhula ndekha kuti "mwanayu anavutika", kenako ndinadzidzimuka. Mwanayu? Moyo wanga wonse sindinawatchulepo Apapa ngati munthu mmodzi, Chichewa chathu sichilola, ndi iwo, anabwera, ananena, anadalitsa. Amayi atandimva ndikuti "iye" khofi lake lingandipeze ngakhale ndili kuno. Koma mu khitchini muja ulemu wonse uja unagwa wokha, ndinkangoona kamnyamata ka masiye, kwawo ankakatchula Lolek, kovala kabudula wosokedwa kuchokera ku buluku la bambo ake.

Mbali zina za myuziyamuyi ndi zamakono kwambiri, magetsi, mavidiyo, mawu akutuluka m'makoma. Muli mfuti yeniyeni yomwe Mehmet Ali Ağca anawaombera nayo pa bwalo la St Peter ku Rome pa 13 May 1981, kamfuti kakang'ono koti n'kulowa m'thumba la jekete, tsembwe linandigwira. Muli zida zawo zotsetserekera pa chipale chofewa poti anali munthu wokonda mapiri, muli dothi lochokera m'mayiko omwe anapitako lili pansi pa galasi lomwe umapondapo, apa ndinaseka ndekha nditakumbukira amayi, kani nkhani ya dothiyi si ya iwo okha. Kumapeto kuli wotchi yomwe anaiimitsa pa 21:37, nthawi yomwe anamwalira pa 2 April 2005. Zonsezi n'zabwino, koma kwa ine zachuluka, mpaka zikuphimba zipinda ziwiri zija. Akanandifunsa ndikanati siyani khitchini ndi zenera lija basi, zinazo kaikeni ku Rome.

Tikutuluka mnzanga anati tsopano ukadye keke ya Apapa. Nkhani yake ndi yoseketsa. Pa 16 June 1999 Apapa anabweranso kwawo, atakalamba, akunjenjemera, anaima pa bwalo lomwe lija n'kuyamba kucheza ndi anthu ngati agogo pa khonde, kumaloza nyumba uku ndi uku, apo panali chakuti, apo pankakhala uje, kenako anati paja apo panali bekale, titamaliza mayeso a sekondale tinkapita kukadya kremówki. Basi, mawu amenewo okha. Kuyambira tsiku limenelo mabekale onse a mu Wadowice amagulitsa kremówka papieska, ndipo aliyense amati yake ndiye yeniyeni. Ndi keke ya timagawo tiwiri topyapyala tophwanyika ngati masamba ouma, pakati pali kirimu wokhuthala ngati kasitadi, pamwamba awaza shuga wa ufa. Njira yodyera mwaulemu palibe, ukaboola ndi foloko kirimu amathawira m'mbali, shuga yense pa chikhoti changa chakuda mbuu. Kukoma ikukoma ndithu, koma ndinkaganiza kuti chikhala kuti Apapa ali ku Blantyre kuja anangotchulako mandasi a pa Ginnery Corner, bwenzi pano tikutumiza kunja.

Madzulo kunyumba kwa makolo a mnzanga anatiphikira żurek, supu wowawasa wa ufa wofufumitsa, fungo lake limapita ku thobwa logona, muli soseji ndi dzira, kenako pierogi, tizitumbuwa tophika m'madzi toika mbatatesi ndi tchizi mkati. Bambo ake atamva kuti Apapa anafika kwathu mu May 1989 anaika sipuni pansi n'kuyamba kuwerenga ndi zala. Apapa anachoka ku Malawi pa 6 May, patangopita milungu inayi pa 4 June anthu a ku Poland anaponya voti yomwe inagwetsa ulamuliro wa chikomyunizimu, gulu la Solidarność la a Lech Wałęsa litapambana pafupifupi mipando yonse yomwe analoledwa kupikisana nawo. Iwo amakhulupirira kuti zonse zinayamba ndi ulendo wa 1979 uja, pamene anthu mamiliyoni anatuluka m'nyumba n'kuonana kuti kani tilipo ambiri chonchi. Ine ndinawauza za kalata ya maepiskopi athu yomwe inawerengedwa m'matchalitchi mu March 1992, ndi referendamu ya 1993. Tinakhala pamenepo anthu awiri osamvana chilankhulo, mnzanga akumasulira uku akuyasamula, tikugwedezerana mitu ngati tinali limodzi.

Koma pa tebulo lomwelo panali mdzukulu wawo, mnyamata wa ku yunivesite, yemwe nthawi yonseyi ankangoseka chamumtima ali pa foni. Nditamufunsa anandiuza mosabisa kuti achinyamata ambiri kumeneko anatopa nazo za Apapa, msewu uliwonse dzina lawo, sukulu dzina lawo, ziboliboli paliponse, moti nambala ija 2137, ya nthawi yomwe anamwalira, anaisandutsa nthabwala ya pa intaneti. Anandiuzanso za nkhani yomwe inaphulika mu 2023, atolankhani atanena kuti nthawi yomwe anali arkiepiskopi wa Kraków ankadziwa za ansembe ena ogwirira ana koma n'kungowasamutsa, dziko linagawanika, ena anachita zionetsero zowateteza, ena anati zifufuzidwe. Agogo ake aakazi anamukalipira mu chilankhulo chawo, sindinamve mawu koma kukalipa kumamveka chimodzimodzi kulikonse. Ine ndinangoti phee. Nkhani imeneyi ndinagona nayo, ndipo ndinaganiza pomwepo kuti amayi sindikawauza, kaya ndinalakwa kaya.

Tsiku lachiwiri tinapita ku Kalwaria Zebrzydowska, makilomita osakwana 15 kuchokera ku Wadowice, ndipo ngati mudzapite kumeneko n'kukhala ndi tsiku limodzi lokha, ine ndingati pitani kuno. Amene munakwerako Njira ya Mtanda ku Michiru kuseri kwa Chilomoni mukhale ndi chithunzi chimenecho, kenako muchichulukitse kambirimbiri. Munthu wina wolemera dzina lake Mikołaj Zebrzydowski, yemwe anali bwanamkubwa wa chigawo cha Kraków, anayang'ana mapiri a m'munda mwake cha m'ma 1600 n'kuona ngati akufanana ndi Yerusalemu, nde poti anthu wamba sakanatha kupita ku Yerusalemu iye anaganiza zobweretsa Yerusalemuyo kuno. Phiri lina analitcha Gologota, lina Phiri la Azitona, kamtsinje ka Skawinka anakatcha Kedroni, n'kuyamba kumanga. Lero kuli matchalitchi ndi titchalitchi 42 tomwazikana m'nkhalango ndi m'minda, kalikonse ndi kamangidwe kake, nyumba ya Kayafa, nyumba ya Herode, bwalo la Pilato lomwe pambali pake pali masitepe 28 omwe anthu amakwera chogwada, kena anakamanga ngati mtima. Amayang'anira ndi ansembe a chipani cha Francisko Woyera omwe kumeneko amawatcha Bernardyni, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wake wa malo a mbiri ofunika pa dziko lonse mu 1999. Sabata Loyera kumakhala sewero la masautso a Yesu lomwe limayenda kuchoka pa katchalitchi kena kupita pa kena anthu zikwizikwi akutsatira pambuyo.

Ife tinapeza kuli zii, masamba a mitengo atayoyoka onse, mvula itagwa usiku, njira yonse matope okhaokha. Ndipo mwina n'chifukwa chake kunandikomera, chifukwa si malo opakidwa utoto kuti alendo ajambule, njira zake zimadutsa kuseri kwa nyumba za anthu, nkhuku zikupalasa, galu akuuwa, bambo wina akuwaza nkhuni pafupi ndi nyumba ya Kayafa osalabadira n'komwe. Tawuni yakenso imadziwika ndi akalipentala, mipando ndi makabati m'mbali mwa msewu ngati pa Biwi. Kukwera ku Gologota ndinafika pamwamba ndili wefuwefu, nsapato thapsa, ndikudziimba mlandu wa kremówki ziwiri zija. Amati mayi ake atamwalira, bambo anamutenga Karol kubwera naye kuno n'kumuonetsa chithunzi cha Amayi Maria chomwe chili mu tchalitchi chachikulu, kuti amayi ako tsopano ndi awa. Anapitiriza kubwera ali wansembe, ali episkopi, kumayenda yekha m'njira zomwezi zinthu zikamuthina, ndipo ulendo wake womaliza ku Poland mu August 2002 anafikanso kuno. Mwaona, ndayambanso kunena kuti iye. Madzi a amayi ndi kolona ndinagula konkuno, wansembe wina wachinyamata anadalitsa ataima pakhomo, mwachangu ngati akudinda risiti.

Pobwerera tinadzera ku Lanckorona, kamudzi ka pa phiri ka nyumba zamatabwa zomwe anamanga moto utapsereza mudziwo m'zaka za m'ma 1800, madenga ake otulukira kunja kwambiri ngati chipewa, bwalo lake lopendekeka moti mpira sungaime. Pamwamba pali mabwinja a linga la mfumu Kazimierz Wamkulu la m'ma 1300, makoma ochepa chabe m'nkhalango. Tinamwa tiyi n'kumapita chifukwa nthawi imeneyi kumeneko 5 koloko isanakwane kunja kwada kale bii. Bambo a mnzanga anaumirira kuti tidzerenso ku damu la Świnna Poręba pa mtsinje wa Skawa ngakhale kunali mdima, cholinga angondiuza kuti anayamba kulimanga mu 1986 n'kudzalitsegulira mu 2017. Zaka 31 damu limodzi. Ndinamva kutonthozedwa kwina kwake, sindinama.

Tsiku lachitatu linali 1 November, la Oyera Onse, ndipo apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chomwe mnzanga amamenyera nkhondo holide ya sabata imeneyi chaka chilichonse. Dziko lonse limapita kumanda. Masitolo otseka, misewu yodzadza, apolisi akuwongolera magalimoto pa zipata za manda, aliyense wanyamula maluwa ndi makandulo a m'mabotolo a galasi omwe amati znicze. Kwathu kumanda sumangopitako, umayamba wadzera kwa amfumu, ndipo ana sayandikirako n'komwe. Kuno ana akuthamangathamanga pakati pa ziliza, achibale akupatsana moni, ena akukolopa mwala wa agogo awo ndi bulashi. Kutada manda onse anangoti ngwee, nyali zikwizikwi zofiira ndi zachikasu mpaka kuwala kumaoneka kumwamba, fungo la sera lili ponseponse. Ndinayatsa imodzi ya bambo anga pa mtanda waukulu pomwe amayatsira anthu omwe manda a abale awo ali kutali. Manda a makolo a Apapa ndi mkulu wawo sali ku Wadowice, ali ku Kraków ku manda a Rakowicki.

Masana a tsiku lomwelo ndinapempha kuti tikaone manda a Ayuda, chifukwa cha landilodi uja. Nkhondo isanayambe Ayuda anali gawo lalikulu ndithu la anthu a mu Wadowice, Karol ankaphunzira nawo kalasi imodzi, ankasewera nawo mpira iye ali goloboyi, nthawi zina kumbali ya timu yawo anthu akaperewera. Mnzake wa ponda apa m'pondepo anali Myuda, Jerzy Kluger. Asilikali a Germany atalowa mu 1939 anaphwasula sunagoge, kenako anthu aja anawatsekera malo amodzi n'kuwatumiza kukaphedwa, ndipo Oświęcim, komwe dziko lonse limakudziwa kuti Auschwitz, komwe kunali msasa wa a Germany wophera anthu, kuli pafupi kuposa Kraków. Kluger anapulumuka, anamenya nawo nkhondo n'kudzakhazikika ku Rome komwe anakumananso ndi mnzake uja patapita zaka zambiri, koma mayi ake, mlongo wake ndi agogo ake anathera momwemo. Tinapeza geti lotseka, tinangosuzumira. Miyala yolembedwa Chiheberi, ina yopendekeka, masamba atadzadza pansi. Iwo mwambo wa 1 November si wawo, ndikudziwa, koma tsiku limene tawuni yonse inali kumanda kukaona abale ake, ife tinaima pa geti paja mphindi zingapo osaona munthu wina akubwera. Zoti Papa ameneyu ndi yemwe analowa mu sunagoge wamkulu wa ku Rome mu 1986 ndinali nditazimvapo kale, koma ndinkaziona ngati nkhani ya akuluakulu a mpingo, osadziwa kuti ndi za anzake a mpira.

Nditabwerera ku England ndikumasula chikwama ndinapeza nsapato zija ndinakwera nazo ku Gologota, ndinali nditangozikulunga mu jumbo osatsuka. Matope anali ataumira kunsi konse, m'mizere ya soli monse. Ndinatenga mpeni wa batala n'kukokota bwinobwino pa nyuzipepala, linakwana theka la kabotolo ka panado. Palibe anandifunsa kanthu pa eyapoti. Kali pawindo pano limodzi ndi kolona ndi madzi, kakudikira December.

Lamlungu ndinawaimbira amayi pa WhatsApp. Ndinawatumizira chithunzi cha mwala uja wa Malawi, akuti anachionetsa mphakati wonse. Kenako ndinayamba kuwafotokozera za nyumba ija, kuti inali ya lendi, zipinda ziwiri, ndinawauza za a Emilia, za dokotala uja, za bambo osoka zovala, mmodzimmodzi mmene anapitira. Amayi anakhala chete nthawi yaitali, kumangomveka tambala wa aneba. Kenako anati, "Nanga ankamuphikira ndani mwanayo?" Ndinati bambo ake ndiwo ankakonza cha m'mawa ndi cha madzulo, masana ankakadya pa kalesitilanti kena tsidya la msewu womwewo. Anati "Mxii, mwana wa eni ake. Nde ankakhuta koma?"